Ndiwo Zopanda Mchere

Amuna anga anali ocheka matabwa pa phiri la Zomba. Pamene tinkakwatirana, zipani zambiri zitangoyamba kumene, anali munthu wamphamvu, woti akaima pamwamba pa chipika cha paini atagwira macheka, mnzawo wokoka machekawo ali pansi m'dzenje ankachita kupempha kuti apumeko kaye. Tinkachita lendi ku Likangala. Lolemba ankalawirira kukwera phiri, Loweruka n'kutsika, thupi lonse likununkha utomoni, utuchi uli mbwee m'tsitsi. Ndinkawakonda bambo amene aja. Ndinene pano poyambirira, chifukwa zimene ndifotokozezi zili ndi mkwiyo wambiri, wina angaganize kuti chikondi panalibe.

Kachigamba koyamba ndinakaona ndine, pa chigongono chawo. Kanali kouma, kokhakhala, kokhala ndi mamba otuwa pamwamba. Tinati ndi chipere, tinapaka zopakapaka za pagolosale, koma ayi ndithu. Kanabereka anzake m'mawondo, kumsana, m'mutu, mpaka kuseri kwa makutu. M'miyezi yozizira, nkhungu ya chiperoni ikakuta phiri, khungu linkang'ambika n'kumatuluka magazi. M'mawa uliwonse ndikamakutumula zofunda, pansi pankayera ngati pathiridwa madeya, ndipo ndinkasesa msanga ana asanadzuke.

Anthu a ku Likangala inu! Pakamwa pawo sipachedwa. Ena anati ndi khate. Ena anati ndi matenda omwewa, poti masiku amenewo munthu akangotuluka kachiphuphu, anthu ankayamba kale kumuyeza bokosi ndi maso. Tinapita kukayezetsa tonse awiri, kachilombo sikanapezeke. Kuchipatala anatiuza dzina la nthendayo, ati soriyasisi. Ine lilime linkakana, ndinkangoti mamba. Anati si yopatsirana, si khate, si ufiti, komanso sitheratu: imagona, imadzuka. Anatipatsa mafuta onunkha phula la pamsewu. Loweruka lililonse akatsika n'kusamba, ankagona chafufumimba pa mphasa, ine n'kumawadzoza msana wonse. Ankaseka, amvekere, "Mayi, anzanu anakwatiwa ndi anthu, inu munasankha ng'ona." Ine ndimvekere, "Ng'ona yake yobweretsa ndiwo, ndiisiyirenji?" Tinakhala choncho zaka ndithu, ana anakula, ndipo palibe amene anatengera, ngakhale ine wogona nawo malo amodzi.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti nthenda imeneyi siyenda yokha. Tonse maso anali pa khungu, poti ndi limene limaoneka. Chala chimodzi chitatupa chonse, kuyambira patsinde mpaka kunsonga, ngati nthochi yaing'ono, anati mwina chipika chinawapana. Zikhadabo zitayamba kubooka timaenje n'kumatukuka, anati ndi utomoni. M'mawa akadzuka manja ankakhala ouma gwa, osatheka kufumbata mpaka dzuwa litakwera. Anati ndi kuzizira kwa kuphiri, aliyense wocheka matabwa amadandaula zomwezo. Kenako zidendene. Munthu amene ankatsika phiri thabwa lili paphewa anayamba kutsika akutsimphina, akupuma pa mwala uliwonse. Tsiku lina macheka anawapulumuka m'manja ali pamwamba, anatsala pang'ono kumuvulaza mnzawo wa m'dzenje uja. Kuyambira pamenepo sanakwerenso phiri.

Anakhala pakhomo. Munthu wozolowera ntchito ukamukhazika pakhonde tsiku lonse, mumtima amafota uku thupi likunenepa. Nthabwala zinatha. Kutchalitchi analeka, ati anthu amasuntha pa benchi. Ankakhala atavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala, akuyang'ana phiri, mawu osatuluka. Ludzu silinkawatha, ndipo akayenda pang'ono, kungofika pampope, ankabwera akupuma wefuwefu. Ndiye poti ana amafuna kudya, phiri ndinayamba kukwera ndine. Ndinkapikula masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya kwa alimi a pamwamba, n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu wopita ku damu la Mulunguzi. Malonda a pamsewu amafuna mano panja. Galimoto ikaima umathamanga ndi kambale kako, umaseka ngakhale wogulayo sananene choseketsa, umavala zochapa bwino kuti asanyansidwe. Ndinkachita zonsezo, ndipo sindipepesa kwa munthu.

Miyendo itayamba kutupa, kutupa koti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, ndinawakokera kuchipatala. Tinapeza adokotala achizimayi, odekha, amene sanathamangire kuyang'ana khungu lokha. Anawagwira zala chimodzichimodzi, anawayeza magazi, anawamvetsera pamtima. Kenako anatikhazika pansi. Anati moto umene ukuyaka pa khungu ndi womwewo ukuyaka m'mfundo za mafupa ndi m'mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake anthu ambiri a nthendayi amadzapezekanso ndi nyamakazi, shuga, bipi, ngakhale vuto la mtima. Amuna anga anali nazo zonsezo, ngati anachita kupikula. Anatinso kukhala duu kuja, kusafuna anthu kuja, nakonso ndi matenda, si ulesi kapena mwano. Anatipatsa mapiritsi. Pomaliza anatembenukira kwa ine, poti wophika ndine. "Mayi, shuga mu tiyi ayi. Mafuta pang'ono. Koma makamaka mchere. Ngati mumawakonda bambowa, mchere muuchotse mu ndiwo zawo."

Ndinati ndamva. Ha, kumvera kwanga!

Makala ophikira mapoto awiri ndikanawatenga kuti? Ndinayamba kuphika poto mmodzi wopanda mchere. Mcherewo ndinauthira m'kabotolo n'kumakaika pakati pa mphasa, kuti ine ndi ana aliyense azithira yekha m'mbale mwake. Bambo ankadandaula, ati ndiwo zikukoma ngati madzi a mvula, koma ankadya. Mapiritsi ankamwa. Patapita masabata miyendo inayamba kuphwa pang'ono, nsapato zinayambanso kulowa. Tsiku lina anandiperekeza mpaka pamlatho, n'kundiseka kuti dengu ndimasenza mopendekeka. Mtima wanga unayamba kukhala m'malo.

Ndiye kunabwera alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, kuchokera kumudzi, mbali za ku Thondwe. Mayi amenewa ndi amene anawalera bambo makolo atamwalira, ndiye mawu awo sankagwa pansi. Mayi a mapemphero, a mpango woyera kumutu, otsogolera nyimbo pa maliro. Anafika nthawi ya nkhomaliro, ine nditaphika matemba a ku Chilwa ndi nkhwani. Anasamba m'manja, anapemphera pemphero lalitali, anatema nsima, anasunsa. Anasiya kutafuna. Anayang'ana kabotolo kaja, anayang'ana miyendo ya achimwene awo, kenako anandiyang'ana ine.

"Alamu, mchere mwaiwala?"

"Sindinaiwale ayi. Achipatala analetsa. Thirani nokha m'mbale mwanumo, uli m'kabotolomo."

"Ndithire ndekha." Anatero pang'onopang'ono. "Nanga munasiya liti kuthira?"

"Miyendo yawo itayamba kutupa."

"Ehee. Itayamba kutupa."

Pomwepo ndinakumbukira za mwambo. Tonsefe akazi a kuno tinalangizidwa chimodzimodzi tili atsikana, a tchalitchi ndi osapemphera omwe. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere mu ndiwo, amaitana wina kuti amuthirire. Ndipo mkazi akayenda ndi mwamuna wina kumbali amakhala wotentha. Akathira mchere, mwamuna wake amadwala tsempho: miyendo imatupa, pachifuwa pamabanika, munthu amafooka. Ndiye mkazi wodziwa zimene wachita, akaona kuti mwamuna wayamba kutupa, amachita mantha n'kusiya kuthira, mchere amangouika poyera kuti aliyense azidzithirira. Ndendende zimene ndinkachita ine. Ine ndinkamvera adokotala, koma m'maso mwa alamu ndinali nditavomera mlandu ndi manja anga omwe.

Anakhala nafe masiku angapo akundiwerenga. Ndikamachapa chitenje kuti mawa ndikaoneke bwino kumsewu, maso. Ndikamadzola, maso. Tsiku lina anati akufuna akaone kumene ndimagulitsira, anakwera nane, anakhala pa mwala tsiku lonse akuonerera ndikuthamangira magalimoto, ndikuseka ndi madalaivala. Mawa lake masana, ndili kuseri ndikutsuka mbale, ndinawamva pakhonde, ndipo sankanong'ona n'komwe.

"Achimwene, tsegulani maso. Bipi, bipi chiyani? Kumtundu kwathu kulibe bipi. Ili ndi tsempho. Dziyang'aneni nokha khunguli. Ndi mkazi wanji angapirire zimenezi zaka zonsezi osayang'ana kumbali?"

Ndinaima mbale ili m'manja, kudikira. Ndinkadziwa kuti ayankha. Bambo amene ndinawadzoza msana ndi manja angawa, amene mamba awo ndinasesa zaka zonse osachita tsinya, anena kuti achemwali, pamenepo ndiye mwalakwa. Ndinadikira mpaka madzi a m'beseni anakhazikika. Zii. Anangokhosomola basi.

Za alamu sizinandipweteke kwenikweni. Alamu ndi alamu. Chimene ndinkafuna ine chinali chimodzi, kuti mwamuna wanga anene ndi pakamwa pake kuti akundikhulupirira. Alamu atapita kumsika, ndinakawakhalira bambo kutsogolo.

"Bambo, mwamva zimene anena achemwali anu. Inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikudwala, mayi. Musandipanikize."

"Sindikukupanikizani. Munalipo pamene adokotala ankanena za mchere. Makutu anu anamva. Bwanji simunawauze?"

Anayang'ana manja awo, zala zitapindika ndi nyamakazi. Kenako anati, "Komano kumsewuko mumachedwako bwanji masiku ano?"

Mayo ine! Bola akanandimenya. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Ndinawauza kuti kumsewu ndimachedwa chifukwa masitiroberi sadzigulitsa okha, ndiponso kuti ufa umene akudyawo sugwa kuchokera mumtengo wa paini. Pano ndimamvetsa kuti alamu sanabzale kanthu katsopano. Bambo anali atadziweruza kale okha pakhonde paja, kuti munthu wa khungu lotere, wa manja osagwira ntchito, sangafunidwe ndi mkazi. Adokotala anali atanena kuti matendawa amalowa ndi m'maganizo momwe. Ndimamvetsa, inde. Koma kumvetsako sikunachotse kuwawa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira funso limenelo mtima umandiwira.

Ndinapempha alamu kuti tipitire limodzi kuchipatala akamve okha. Anakana, ati achipatala za tsempho sazidziwa, ndipo wa tsempho mukamubaya jakisoni ndiye kuti mwamupha. Anati awatenga achimwene awo kumudzi, kuli munthu wodziwa mankhwala ake. Ndinawaperekeza mpaka padepoti, nditawamangira mapiritsi ndi mafuta odzoza aja m'kajumbo. Minibasi ikudzaza, ndinawerama pawindo. "Bambo, mukapita ulendo umenewu ndiye kuti mwavomereza zimene akunenazi." Anayang'ana kutsogolo. Kondakitala anamenya chitseko, anapita.

Nkhani sinachedwe kuzungulira Likangala. Pampope amayi ankandipatsa moni wautali, wokoma, ndikangotembenuka n'kuyamba kuseka chapansipansi. Wina anachita kundifunsa mwachifundo kuti kodi dalaivala wakeyo ndi wa galimoto yanji. Asa! Ndinamuyankha zoti mpaka lero sandiyang'ana kumaso.

Nditapita kukawaona bambo kumudziko, ndinapeza kajumbo kaja katsomekedwa kudenga, mfundo yake ili momwe ndinamangira. Ati mankhwala achikuda sasakaniza ndi achizungu. Ndipo mankhwala a tsempho amene ankawapatsawo ankamwera mu phala lothira mchere, m'mawa ndi madzulo. Pofuna kuwabwezera mphamvu ankawapatsanso thobwa la shuga wambiri, chikho chodzaza, munthu wodwala shuga! Miyendo inali itatupa mpaka m'mawondo. Msana unali utang'ambikang'ambika, malaya atamatirira pa zilonda, chifukwa panalibe amene ankafuna kuwakhudza. Ine sanandilole kuyandikira kumoto, sanandilole ngakhale kuwapatsa madzi akumwa. Anandiyalira mphasa patali ngati mlendo wodzagula nkhuku.

Alamu anabwera kudzakhala pafupi nane, mawu ofewa ngati akundichitira chifundo. "Alamu, mankhwalawa sakugwira chifukwa cha inu. Ululani. Tchulani munthuyo, mutakase nawo phalali ndi dzanja lanu, achimwene achire, muwatenge muzipita kwanu. Ife sitikusungirani chakukhosi."

Mwamva? Ndikanangonama, ndikanangotchula dalaivala wa m'mutu mwanga, akanandipatsa mwamuna wanga, ndikanakawayambitsanso mapiritsi. Ndinaganiza, sindinama ayi, ndinaganiza ndithu. Ndinawayang'ana bambo ali pakhonde, akumva zonse. Ndikananama, iwo akanakhala moyo wawo wonse akudziwa kuti achemwali awo ananena zoona, kuti khungu lawo linandithamangitsadi. Ndinati, "Bambo, ine sindinayende ndi munthu. Dzukani tizipita kwathu." Anaweramitsa mutu. Ndinabwerera ndekha, ndikulira mu minibasi, anthu akundiyang'ana. Alipo ena amati ndikanangonama. Amene amatero akanameko okha, aone kukoma kwake.

Sipanapite nthawi yaitali, uthenga unandipeza pamsewu kambale kali m'manja. Bambo anagwa m'mawa akuchokera kubafa. Pamenepo ndiye alamu anakumbukira kuti ku Zomba kuli chipatala. Bambo ndinawapeza kumeneko mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatsekeka. Sitiroko. Adokotala aja atafunsa kuti mapiritsi anasiyira chiyani, alamu anangoyang'ana pansi. Koma titangotuluka panja, pa kapinga pamene odikirira odwala amayanika zovala, ndinawamva akuuza abale kuti tsempho lakwera kumutu poti mkazi wake waumitsa khosi.

Tsiku lowatulutsa linafika, funso n'kukhala lakuti apita kwa yani. Munthu wamkulu wofunika kumunyamula, kumusambitsa, kumupukuta akadziipitsira, kumudzoza mamba thupi lonse. Alamu anati msana ukuwavuta, komanso kumunda kukuwadikira. Abale ena anayang'ana kumwamba. Basi, pa ntchito yotaya mikodzo ndinapezeka kuti ndazizira, sindinenso wotentha. Anandikwezera mwamuna wanga pa galimoto yahayala mpaka ku Likangala, n'kunena kuti Mulungu akupatseni mphamvu, alamu.

Ndinawasamala. Musaganize kuti ndinkachita ndi nkhope ya mngelo, ayi. Ndinkawadzoza msana uku ndikuwakalipira. "Mwaona kumene kwakufikitsani kumvera achemwali? Ng'ona yopanda nzeru!" Mapiritsi anayambiranso, ndiwo zopanda mchere zinayambiranso, kabotolo kanabwerera pa mphasa. Kumsewu ndinkangopita m'mawa n'kuthamangira kunyumba dzuwa lisanafike pamutu. Khungu linayamba kugona, miyendo inaphwa, koma mawu sanabwerere. Chimene ankatha ndi kubuula kokha. Kangapo konse ndinawagwira chibwano n'kuwafunsa, "Bambo, mpaka pano mukuganizabe kuti ndinayenda?" Misozi inkatsika. Koma adokotala anali atandichenjeza kuti ena odwala sitiroko amalira ndi chilichonse, ngakhale nkhuku ikadutsa. Ndiye misoziyo ndikanaikhulupirira bwanji? Yankho limene ndinkalifuna linali litatsekeredwa m'kamwa mopotoka muja, ndipo ndinkapsa mtima kuti nthawi imene anali ndi lilime analisunga.

Lamulungu lina alamu anabwera kudzazonda, atanyamula phava la nthochi, mpango woyera uli kumutu. Tinakhala pakhonde. Bambo ndinawatsamiritsa kukhoma n'kuika mbale yawo ya nyemba patsogolo, poti dzanja lamanzere linali litaphunzira kudya lokha ngakhale zala zinali zopindika. Alamu anadzithirira mchere m'mbale mwawo mwakachetechete, n'kubweza kabotolo pakati pa mphasa.

Bambo sanayambe kudya. Anatambasula dzanja lija pang'onopang'ono mpaka linafika pa kabotolo. Kufumbata sakanatha, ndiye anayamba kukakankha ndi kuseri kwa zala. Ndinaganiza kuti akufuna kuba mchere, ndinatsala pang'ono kuwakalipira. Koma sankakokera kwa iwo. Ankakankhira kwa ine, pang'ono, pang'ono, kabotolo kakukodwa m'mizere ya mphasa, mpaka kanagunda bondo langa. Kenako analoza mbale yawo ndi chibwano.

Alamu anati, "Akufuna mchere. Bweretsani ndiwathirire ine." Anatambasula dzanja. Bambo anabuula mwaukali, kubuula kumene ndinali ndisanakumvepo, n'kulikankhira kumbali dzanja la achemwali awo. Anandiyang'ana ine, analozanso mbale.

Abale inu, nthenda iyi ndi yankhanza. Inawalanda khungu, inawalanda manja, mtima, lilime, n'kuwasiyira njira imodzi yokha yondiuzira kuti akundikhulupirira, ndipo njira yake inali yomweyo imene adokotala analetsa. Ndikanakana, alamu akanati mwaona, akuopabe. Nanga bambo akanaganiza chiyani? Ndinatsegula kabotolo. Ndinatsina ndi zala, kochepa kwambiri, koti ngakhale nyerere ikananyamula, n'kuwaza pa nyemba zija alamu akuona. Bambo anadya. Anadya zonse, msuzi ukutsikira kumbali yakufa ya pakamwa, maso ali pa achemwali awo, mpaka anakombeza mbale ndi chala.

Ndinawapukuta pakamwa ndi chitenje changa. Ndinafuna kunena mawu abwino, koma amene anatuluka ndi akuti, "Mwachedwa nazo, bambo." Anagwedeza mutu kuvomera. Limenelo ndi tsiku lokhalo limene ndinawathirira mchere chiletsereni achipatala, ndipo sanapemphenso.

Anatisiya m'nyengo yozizira yotsatira, mtima utatopa. Achipatala anati unali utawonongeka kale kwambiri, makamaka nthawi ija anakhala osamwa mankhwala. Pa maliro ndinali m'nyumba ndi amayi, nditafunda chitenje kumutu, ndipo nyimbo itangodukiza ndinamva mawu a alamu kumbuyo kwanga, akuuza amayi a ku Likangala, anansi anga enieni. "Ine ndinaona ndi maso angawa. Anathira mchere ine ndili pompo. Mankhwala onse tinavutika nawo aja anawasukulutsa tsiku limenelo."

Anaonadi, sananame. Chimene sanawauze n'chakuti dzanja lawo linakankhidwa ndi ndani. Ndinafuna kudzuka, kuvula chitenje kumutu, n'kuwafunsa pamaso pa anthu onse kuti nanga mkazi achite chiyani, poti kusathira ndi mlandu, kuthiranso ndi mlandu. Koma namfedwa sakangana ndi anthu pa maliro a mwamuna wake, amangolira. Ndinalira ndithu, anthu n'kumati ndikulira bambo okha.

Ndikadali ku Likangala komweko, ndipo zipatso ndimagulitsabe, ngakhale mawondo ayamba kukana phiri. Ndikaona munthu wa mamba ngati aja pamsika sindichita manyazi, ndimamuimitsa n'kumuuza kuti asamangodzola, akayezetse bipi, shuga ndi mtima, ndipo zala zikayamba kuuma asamanamizire kuzizira. Ena amathokoza, ena amandiona ngati wamisala. Yankho langa ndinalandira, palibe angandilande. Kungoti amene tinaliona tinali awiri, ndipo winayo amalifotokoza mwake. Pakakhala ukwati kapena maliro m'dera lathu, amayi anzanga amandiitana bwinobwino kuti tikathandizane kuphika. Amandipatsa anyezi kuti ndisende, nkhuni kuti ndisonkhezere, mapoto kuti ndikweche. Ikafika nthawi yothira mchere, amaitana wina.